Ndani azigwira chikwama cha sukulu za mkaka? Nkhani ya ku Michigan

Mwana wa zaka zinayi ku Michigan, limodzi mwa maboma a ku America, akafika ku sukulu ya mkaka m'mawa wa mwezi wa Januwale, ntchito yoyamba ya mphunzitsi ndi kumuvula: jekete lochindikala, magolovesi, chipewa, majombo omata chipale. Ana 16, aliyense ndi kamulu kake ka zovala, ndipo masana onsewo ayenera kuvekedwanso. Kholo lomwe laperekeza mwanayo limamudziwa mphunzitsi ndi dzina, limadziwanso sukulu kapena tchalitchi chomwe muli kalasiyo. Koma mutalifunsa kuti ndalama zoyendetsera kalasiyi zimadutsa m'manja mwa ndani, kapena kuti zinthu zikavuta angazilande ndalamazo ndani, ambiri angangokanda m'mutu. Yankho lake ndi ofesi ina yomwe makolo ambiri sadaipondemo chibadwire.

Ofesiyo pa Chingerezi amaitcha intermediate school district, mwachidule ISD. Ine ndiziitchula kuti ofesi yapakati, poti ndi momwe ililidi: ili pakati pa likulu la boma la Michigan ku Lansing ndi madistirikiti omwe amayendetsa sukulu m'matauni ndi m'midzi. Pakati pa 2011 ndi 2013, boma la Michigan lidatenga udindo wolandira ndi kugawa ndalama za sukulu za mkaka zaulere, pamodzi ndi udindo woziyendera, n'kuupereka ku maofesi apakatiwa. Ukaionera patali, nkhaniyi ili ngati yongosamutsa mafayilo kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo. Koma kusamutsako kudasintha chiwerengero cha ana opeza malo, ndipo kudasiya mafunso ena omwe mpaka lero sadayankhidwe.

Nyumba ya nsanjika zitatu

Ku America maphunziro sayendetsedwa ndi unduna umodzi wa dziko lonse. Boma lililonse mwa maboma 50 aja lili ndi malamulo ake, ndipo pansi pake pali madistirikiti, ambiri mwa iwo okhala ndi komiti yosankhidwa ndi anthu a m'deralo. Michigan yokha ili ndi madistirikiti oposa 500. Ena ndi aakulu, monga ya mumzinda wa Detroit. Ena, makamaka kumpoto ku Upper Peninsula komwe mitengo idachuluka kuposa anthu, ndi aang'ono kwambiri moti sukulu yonse, kuyambira ana oyamba mpaka omaliza sekondale, imakwana m'nyumba imodzi. Pambali pa madistirikitiwa palinso sukulu za charter, zomwe zimalandira ndalama za boma koma zimadziyendetsa zokha.

Maofesi apakati adakhazikitsidwa mu 1962, ndipo lero alipo 56. Ofesi imodzi imakuta kaunti imodzi kapena zingapo; kaunti ndi zigawo zomwe Michigan idagawidwamo. Ya ku Wayne, komwe kuli Detroit, imatumikira madistirikiti 33; ya ku Oakland 28; ya ku Kent, komwe kuli mzinda wa Grand Rapids, 20. Ntchito yawo kuyambira kale ndi kuchita zinthu zomwe distirikiti imodzi payokha singakwanitse: maphunziro a ana a ulumali, sukulu za ntchito zamanja, maphunziro owonjezera a aphunzitsi, ndi kutsimikiza kuti chiwerengero cha ophunzira chomwe sukulu zatumiza ku Lansing ndi choona. Distirikiti ya ana mazana atatu singalembe ntchito katswiri wothandiza ana osamva, koma madistirikiti khumi akaphatikizana angathe kugawana mmodzi.

Wowerenga wa ku Malawi angaganize za maofesi a divishoni asanu ndi limodzi omwe ali pakati pa unduna wa zamaphunziro ndi maofesi a m'maboma. Kufananako kulipo, koma nkochepa. Ofesi yapakati ya ku Michigan si nthambi ya unduna. Ili ndi komiti yakeyake, imatha kutolera msonkho wa malo ndi nyumba anthu akavomereza pa voti, ndipo ilibe mphamvu yolamula madistirikiti momwe aziyendetsera sukulu zawo. Mbiri yake ndi ya wothandiza, osati ya bwana. Mfundo imeneyi ikhale pafupi, chifukwa ndi pomwe padzatulukire vuto lina kutsogoloku.

Pulogalamu yomwe tikukambayi imatchedwa Great Start Readiness Program, ndipo aphunzitsi ndi makolo amangoti GSRP. Idayamba mu 1985 ndi ana ochepa, cholinga chili kukonzekeretsa ana a zaka zinayi ochokera m'mabanja ovutika kuti akamadzalowa sukulu asadzayambire m'mbuyo. Kwa zaka zambiri inkatchedwa Michigan School Readiness Program. Sizodabwitsa kuti Michigan idayamba msanga chotere. Mu 1962, chaka chomwe chija maofesi apakati ankabadwa, David Weikart adayamba kafukufuku wotchuka ku sukulu ya Perry m'tauni ya Ypsilanti. Adatenga ana 123 a anthu akuda ochokera m'mabanja osauka, ena n'kuwalowetsa sukulu ya mkaka yapamwamba, ena ayi, kenaka ofufuza n'kumawatsata mpaka atakula ndi kukhala makolo. Omwe adapita ku mkaka aja ambiri adamaliza sekondale, ankapeza ndalama zochulukirapo, ndipo sankamangidwa kawirikawiri ngati anzawo. Bungwe lomwe Weikart adayambitsa, HighScope, ndi lomwenso kwa zaka zambiri linkaunika GSRP, ndipo litatsata gulu lina la ana mpaka ku sekondale lidapeza kuti oposa theka la omwe adadutsa m'pulogalamuyi adamaliza sukulu pa nthawi yake, pomwe mwa anzawo osadutsamo omaliza pa nthawi yake sadafike theka. Choncho mkangano wa ku Michigan sudali woti kodi sukulu ya mkaka ili ndi phindu. Udali woti ndalama zake zizidutsa kuti.

Mipope iwiri yodontha

Zinthu zisanasinthe, ndalama zinkatuluka ku Lansing kudzera m'mipope iwiri. Mpope waukulu unkapita ku madistirikiti, ndipo iliyonse inkapatsidwa malo a ana potengera masamu a umphawi wa m'dera lake. Mpope waung'ono unali wa mpikisano: mabungwe omwe si sukulu za boma, monga malo osungirako ana ndi mabungwe othandiza anthu, ankalemba mapempho ku likulu, opambana n'kulandira. Mipope iwiriyi sinkaonana. M'tauni imodzimodziyo, sukulu ya boma ndi bungwe loyandikana nayo zinkatha kulimbirana ana omwewo, pomwe mtunda pang'ono kuchoka pamenepo kulibe kalasi ngakhale imodzi.

Ndalama yake nayo inali yoperewera. Malo amodzi, omwe amatanthauza theka la tsiku, boma linkalipira madola 3,400 pa chaka, ndipo ndalamayi idakhala zaka zingapo osakwera. Mwana wophunzira tsiku lonse ankawerengedwa kuti wadya malo awiri. Pa ndalama imeneyi pachoke malipiro a mphunzitsi wa digiri, a womuthandiza, zoseweretsa, magetsi, ndi kutenthetsa chipinda miyezi yonse yachisanu. Distirikiti yofuna kuchita zinthu bwino inkayenera kupisa m'thumba lake. Koma kuchokera mu 1994, pomwe anthu a ku Michigan adavomereza lamulo lotchedwa Proposal A, ndalama zambiri zoyendetsera sukulu zimachokera ku Lansing powerengera mwana mmodzimmodzi, ndipo distirikiti singangodzuka n'kukweza msonkho kuti itseke dzenje. Ndiye onjezanipo mavuto a zachuma a 2008 ndi 2009, pomwe makampani a galimoto a General Motors ndi Chrysler adagwa mpaka kupulumutsidwa ndi boma, chuma cha Michigan n'kugwa nawo. Mkulu wa distirikiti yemwe akuchotsa ntchito aphunzitsi a makalasi omwe lamulo limamukakamiza kukhala nawo sangaike mtima pa kalasi ya mkaka yomwe lamulo silimukakamiza. Madistirikiti ena ankangotenga malo ochepa, ena osatenga n'komwe.

Tiyerekeze mayi wokhala m'mphepete mwa msewu womwe ndi malire a madistirikiti awiri. Amagwira ntchito m'sitolo, amalowa 7 koloko m'mawa. Distirikiti yake ili ndi kalasi imodzi ya GSRP, ya maola atatu, yodzaza kale, ndipo dzina la mwana wake lili pa mndandanda wa odikira. Kutsidya kwa msewu, distirikiti inayo ili ndi mipando iwiri yopanda ana. Mayiyu sakudziwa, ndipo palibe yemwe ntchito yake ndi kumuuza. Ngakhale atadziwa, ndani akamutengere mwanayo 11 koloko iye ali pa kauntala? Mwanayo amatsala kwa agogo ake kapena kwa mnansi, kutsogolo kwa wailesi yakanema. Ku Lansing mabuku akuonetsa kuti pulogalamu ikuyenda. Pamsewu paja sikuyenda.

Mu 2012 atolankhani a Bridge Magazine adawerengera ana otere n'kupeza kuti alipo pafupifupi 29,000: ana a zaka zinayi oyenera kulandira sukulu ya mkaka yaulere koma osakhala m'kalasi iliyonse. Nambalayi idagwedeza anthu, ngakhalenso akuluakulu a zamalonda, omwe adayamba kukankha aphungu a nyumba ya malamulo. Gavanala wa nthawiyo, Rick Snyder wa chipani cha Republican, anali munthu wa mabizinesi wophunzira zowerengera ndalama, wokonda kufunsa kuti dola iliyonse ikubweza chiyani. Mu 2011 adali atakhazikitsa kale ofesi yotchedwa Office of Great Start mu dipatimenti ya zamaphunziro, kuti mapulogalamu a ana aang'ono omwe adali mbalambanda m'madipatimenti osiyanasiyana akhale pansi pa denga limodzi. Mu 2013 adapempha ndipo adapatsidwa madola 65 miliyoni owonjezera, chaka chotsatira enanso 65 miliyoni. Bajeti ya GSRP idachoka pa madola pafupifupi 109 miliyoni kufika pafupifupi 239 miliyoni m'zaka ziwiri zokha, ndipo mtengo wa malo amodzi udakwera kufika pa madola 3,625.

Ndalama zochuluka chotere kuzithira m'mipope yodontha ija kukadakhala kutaya. Apa ndi pomwe maofesi apakati adalowera. Poyamba adangopatsidwa kuti azigwira ndalama za madistirikiti a m'dera lawo. Pofika chaka cha sukulu cha 2013 mpaka 2014, mpope wa mpikisano uja udatsekedwa, ndipo ndalama zonse za GSRP zidayamba kupita ku maofesi apakati okhaokha. Likulu, m'malo mochita ndi madistirikiti mazanamazana ndi mabungwe ambirimbiri, lidatsala ndi maofesi 56 oti liziwafunsa.

Kodi ofesi yapakati imachita chiyani kwenikweni?

Choyamba imawerenga ana. Chaka chilichonse imayenera kuuza boma kuti m'dera lake muli ana angati oyenera, angati ali kale ku mapulogalamu ena, ndipo angati atsala. Ikalandira gawo lake, ndiyo imasankha kuti makalasi akhale kuti ndipo aziyendetsedwa ndi ndani. Distirikiti ina ikalephera kudzaza malo ake, malowo sabwereranso ku Lansing. Amangosunthidwa kupita ku distirikiti yoyandikana komwe kuli ana odikira. Kwa ine ichi ndiye chinthu chachikulu chomwe kusinthaku kudabweretsa, ndipo nchosavuta kumva: padapezeka munthu yemwe amaona mbali zonse ziwiri za msewu uja. M'madera ambiri kholo tsopano limalemba fomu imodzi, ndipo a ku ofesi ndiwo amayang'ana komwe mwanayo angakwane. Lamulo lidalolanso kuti kholo lisankhe kalasi ya m'dera la ofesi yapakati ina, zomwe zimathandiza anthu okhala kumalire kapena ogwira ntchito kutali ndi kwawo. Mu 2014 aphungu adapatulanso madola 10 miliyoni a mayendedwe, atazindikira kuti mpando waulere womwe mwana sangaufikire uli ngati kulibe.

Chachiwiri imayendera makalasi. Ofesi iliyonse ili ndi akatswiri a maphunziro a ana aang'ono, ndipo aliyense amapatsidwa makalasi angapo oti aziwayang'anira. Katswiriyu akafika sakhala kutsogolo. Amakoka kampando ka ana, n'kukhala pakona ndi kope lake, mawondo ali m'mwamba. Amamvetsera momwe mphunzitsi akufunsira mafunso: kodi ndi mafunso oti mwana angoyankha kuti inde kapena ayi, kapena oti aganize? M'makalasi otsata njira ya HighScope muli nthawi yomwe mwana aliyense amanena chomwe akufuna kukachita, n'kupita kukachita, kenaka n'kubwera kudzafotokoza zomwe wachita. Katswiriyu amaona ngati mphunzitsi akumupatsadi mpata mwana wamanyazi uja kuti amalize mawu ake, kapena akumumalizira. Amaonanso nthawi ya chakudya, poti ana amayenera kudya pamodzi ndi aphunzitsi pa tebulo limodzi, kudzigawira okha, kupatsirana mbale. Ana akapita, awiriwo amakhala pansi n'kukambirana. Kale distirikiti yokhala ndi kalasi imodzi inkayenera kudzipezera yokha munthu wotere, ndipo kumadera akumidzi sikudali kophweka.

Malamulo enieni a pulogalamuyi sadasamuke. Amachokerabe ku Lansing: maphunziro omwe mphunzitsi ayenera kukhala nawo, chiwerengero cha ana pa wamkulu mmodzi, chomwe kwa zaka zambiri chidali ana asanu ndi atatu, komanso za kuyendera banja la mwana kunyumba. Ofesi yapakati simapanga malamulowa. Imaonetsetsa kuti akutsatidwa, ndipo imaloledwa kusungako gawo laling'ono la ndalama zolipirira ntchito imeneyi.

Masamu a chipinda cha makanda

Tsopano tifike pomwe pali mkangano. Mpope wa mpikisano utatsekedwa, mabungwe omwe si sukulu za boma adachita mantha, ndipo manthawo adali ndi maziko. Ofesi yapakati ndi m'bale wa madistirikiti. Akuluakulu ake ambiri adachokera m'sukulu za boma, amakumana ndi akulu a madistirikiti mwezi ndi mwezi, ndipo m'madera ambiri komiti ya ofesiyi imasankhidwa ndi nthumwi za makomiti a madistirikiti omwewo. Ukapatsa munthu nyama kuti agawire abale ake ndi alendo, sudabwa ukaona komwe mnofu wapita. Pofuna kupewa zimenezi, aphungu adaika m'lamulo kuti ofesi yapakati iliyonse izipereka gawo losachepera 30 pa 100 alionse kwa mabungwe a m'dera omwe si madistirikiti, kaya ndi ofuna phindu kaya ayi, bola akwaniritse muyezo wa boma. Ofesi yolephera kufika pamenepo imayenera kuonetsa umboni woti idayesetsa kuwafunafuna.

Nchifukwa chiyani boma lidavutikira kuteteza malo osungirako ana a anthu wamba? Yankho lili m'chipinda cha makanda. Malamulo a Michigan amati wolera mmodzi asapitirire makanda anayi, pomwe ana a zaka zinayi wamkulu mmodzi angathe kuyang'anira khumi ndi awiri. Ndiye taganizani za mayi yemwe ali ndi malo osungirako ana. Chipinda cha makanda chimamudyera ndalama: malipiro a wolera mmodzi achoke pa makolo anayi okha, ndipo akakweza mtengo kufika pomwe uyenera kukhala, palibe kholo lingakwanitse. Chomwe chimamupulumutsa ndi chipinda cha ana akuluakulu, komwe malipiro omwewo amagawidwa pa makolo khumi ndi awiri. Tsiku lomwe ana a zaka zinayi onse adzasamukire ku sukulu ya boma yaulere, mayiyu adzatsala ndi zipinda zoluza zokhazokha. Adzakweza mitengo kapena adzatseka. Ndipo akatseka, banja lomwe lija lomwe likusangalala kuti mwana wawo wamkulu akuphunzira ulere lidzasowa kosiya khanda.

Palinso nkhani ya maola. Kwa nthawi yaitali makalasi ambiri a GSRP ankaphunzira masiku anayi pa sabata, Lachisanu n'kukhala la aphunzitsi kukonzekera ndi kuyendera mabanja. Sukulu ya boma ikaweruka masana imatseka. Malo osungirako ana amatsegula m'mamawa mpaka madzulo, Lachisanu ndi nthawi ya tchuthi yomwe, kotero kuti mwana amangochoka m'chipinda cha GSRP n'kulowa chipinda china m'nyumba yomweyo. Kwa mayi wa m'sitolo uja, kusiyana kumeneku ndiye nkhani yonse.

Komabe lamulo la 30 pa 100 silimachotsa vuto lenileni, limangolichepetsa. Maofesi apakati ena amayendetsanso makalasi awoawo. Zikatero, ofesi imodzimodziyo ndiyo ikugawa malo, ndiyo ikuyendera anzake n'kuwapatsa malikisi, ndiyonso ikulimbirana nawo ana. Woyimbira mpira ali ndi timu yake m'bwalo. Sindikunena kuti amabera. Ndikunena kuti mwini kasukulu kakang'ono akamanidwa malo, ali ndi chifukwa chokayikira, ndipo kokadandaula koyamba ndi kwa yemwe wamumana uja. Kumbali inayo, maofesi a kumidzi ali ndi dandaulo lomveka: m'madera ena mulibe n'komwe mabungwe okwanira oti n'kuwapatsa gawo limenelo, ndipo omwe alipo amaona kuti mapepala ndi zofunika za GSRP zachuluka poyerekeza ndi ndalama yake.

Funso lina ndi loti ofesi yapakati imayankha kwa ndani. Komiti ya distirikiti imasankhidwa ndi anthu, ndipo kholo lokwiya limadziwa tsiku la msonkhano ndi chipinda chake. Komiti ya ofesi yapakati, kupatula m'madera ochepa, sionekera pa pepala la voti. Anthu a ku Michigan adalawapo kuwawa kwake: mu 2003 mkulu wa ofesi yapakati ya ku Oakland adachotsedwa ntchito pa nkhani ya kasamalidwe ka ndalama, ndipo aphungu adakhwimitsa malamulo okakamiza maofesiwa kuulula momwe amagwiritsira ntchito chuma. Patangotha zaka khumi, maofesi omwewa ndiwo adapatsidwa chikwama cha ana a zaka zinayi. Si kulakwitsa, koma ndi chinthu choti munthu azichikumbukira.

Ndiye pali Head Start, yomwe imasokoneza chithunzi chonse. Iyi ndi pulogalamu ya boma lalikulu la ku Washington, idayamba mu 1965 nthawi ya Pulezidenti Lyndon Johnson, ndipo imathandiza ana a m'mabanja osaukitsitsa. Ndalama zake zimachoka ku Washington kupita molunjika ku mabungwe a m'madera, osadutsa ku Lansing. Ofesi yapakati ilibe ulamuliro pa ndalamazo pokhapokha ngati iyo yomwe ndi imodzi mwa olandira. Chomwe ingachite ndi kugwirizana nawo: mwana woyenera Head Start atumizidwe kumeneko poyamba, kuti malo a GSRP atsalire ena. M'makalasi ena amaphatikiza theka la tsiku la Head Start ndi theka la GSRP kuti mwana akhale tsiku lonse. Mwanayo sadziwa kanthu, amangoona mphunzitsi yemweyo ndi chipinda chomwecho. Wovutika ndi wolemba mabuku, yemwe amatumikira mabwana awiri, aliyense ndi mafomu ake.

Chomwe kusamutsa udindo sikudakhudze n'komwe ndi malipiro. Ofesi yapakati imagawa ndalama, koma wolemba ntchito mphunzitsi ndi distirikiti kapena bungwe lija. Aphunzitsi awiri a digiri yofanana, otsata malamulo ofanana, oyenderedwa ndi katswiri yemweyo, amatha kulandira malipiro osiyana kwambiri. Wa ku distirikiti nthawi zina amakhala pa mgwirizano wa bungwe la aphunzitsi, ndi penshoni ndi inshuwalansi ya kuchipatala. Nthawi zina ayi, chifukwa madistirikiti ena salipira aphunzitsi a mkaka mofanana ndi a makalasi apamwamba. Wa ku bungwe la m'dera ndiye amakhala pansi kwambiri. Zotsatira zake nzodziwikiratu: mphunzitsi amayambira ku kabungwe, akazolowera ntchito amasamukira ku distirikiti, mpata ukapezeka amachoka ku mkaka n'kupita ku makalasi olipira bwino. Katswiri wa ku ofesi yapakati uja amathera chaka kusula munthu, chaka chotsatira n'kupeza nkhope yatsopano pa mpando womwewo. Ife omwe tidazolowera kuona alezi a sukulu za mmera mpoyamba akugwira ntchito mongodzipereka tingaseke kumva kuti wina wa malipiro a madola akudandaula, koma matendawo ndi amodzi: ntchito ya ana aang'ono imatengedwa ngati yoti munthu angoigwirira chifundo. Mu 2021 boma lidakweza ndalama ya mwana wa tsiku lonse kuchoka pa madola 7,250 kufika pa 8,700, kulingana ndi ya mwana wa ku pulayimale ndi sekondale. Kudali kusuntha kwenikweni, ngakhale kalasi ya mkaka imafuna akuluakulu awiri pomwe ya ana okulirapo imayenda ndi mmodzi.

Pamwamba penipeni napo pasinthanso. Mu 2023 Gavanala Gretchen Whitmer wa chipani cha Democratic adalengeza kuti akufuna mwana aliyense wa zaka zinayi ku Michigan azipita ku mkaka ulere, posayang'ana kuti makolo ake amapeza zingati. Kuyambira mu 2013, nthawi ya Snyder, malire adali oti banja lizipeza ndalama zosapitirira kawiri ndi theka pa muyezo wa umphawi wa boma lalikulu; malirewo akhala akukwezedwa, ndipo tsopano mabanja opeza bwino nawo amalowa malo akatsala. Chaka chomwecho Whitmer adakhazikitsa dipatimenti yatsopano yotchedwa MiLEAP, yomwe idayamba ntchito mu Disembala 2023, ndipo GSRP idachoka ku dipatimenti ya zamaphunziro n'kupita kumeneko. Pali chifukwa cha ndale chomwe sichibisika: dipatimenti ya zamaphunziro ku Michigan imayankha ku komiti yosankhidwa ndi anthu pa voti, pomwe mkulu wa dipatimenti yatsopanoyi amasankhidwa ndi gavanala.

Nsanjika yapamwamba idasintha mwini, koma yapakati sidagwedezeke. Magavanala awiri a zipani zotsutsana onse adasiya chikwama m'manja mwa maofesi 56 aja. Ntchito yawo yokha ndiyo yasintha mtundu. Mu 2013 ankasaka ana osauka omwe sankadziwika komwe ali. Lero akusaka zipinda zokhala ndi zimbudzi zazing'ono ndi bwalo lotchingidwa, zoti oyendera za moto ndi za ziphaso angavomereze, ndiponso aphunzitsi a digiri olola kuvula ndi kuveka ana majombo kawiri pa tsiku pa malipiro omwe alipowo.